Chingwe Chiyambe, Njerwa Itsatire: Za Kukuza Sukulu pa Chipoka

Munthu amene angalawire m'mamawa pa Chipoka, nthawi imene nyali za asodzi a usipa zikuzima imodziimodzi pakati pa nyanja ndipo zilumba za Maleri zikuyamba kuoneka ngati ng'ombe zogona patali, naima m'mbali mwa msewu wa M5 kufikira dzuwa litakwera pang'ono, adzaona mitsinje iwiri ya anthu ikuyenda mosemphana. Wina ukutsikira kugombe: amayi osenza mabeseni, anyamata a kabaza, ndi ogula nsomba ochokera ku Lilongwe ndi ku Dedza. Wina ukukwera kumtunda: ana ovala yunifolomu, ena wapansi ena panjinga, makope ali m'jumbo, ena atayenda kale mtunda wautali asanalawe kanthu m'kamwa. Mtsinje woyambawo umachepa ndi kuchuluka monga mwa nyengo ya nsomba ndi ukali wa mwera. Koma wachiwiriwo suphwa konse, umangosefukira chaka ndi chaka, ndipo funso limene ndafuna kuti tilingalire pamodzi lero ndi lakuti, madzi amenewa tiwakumbira dziwe lotani.

Tauni ya Chipoka, imene ili m'dera la Mfumu Ndindi, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 30 kumwera kwa boma la Salima, inaleredwa ndi njanji. M'chaka cha 1935, chaka chomwecho chimene mlatho wautali wa pa Zambezi unatsegulidwa pakati pa Sena ndi Dona Ana, njanji yochokera ku Blantyre inafika ku Salima. Ndipo popeza pa Chipoka ndi pamene njanjiyo inadzagundana ndi nyanja, panakhala doko pamene katundu wochokera ku Beira ankatsika m'sitima ya pamtunda nakwera ya pamadzi kunka ku Nkhotakota, ku Nkhata Bay ndi ku Karonga. Sitima ya Ilala, imene inapangidwa ku Scotland, nibwera zidutswazidutswa, nilumikizidwa ku Monkey Bay, niyamba maulendo ake mu 1951, inakocheza pano zaka zambirimbiri, ndipo nkhalamba za kuno zikumbukirabe phokoso la tsiku lofika sitima. Pali zambiri zimene tinganene zotsutsa atsamunda, ndipo n'zoona. Koma chinthu chimodzi tiwavomereze, chakuti amisiri a njanji sankaika njerwa asanayale chingwe ndi kukhoma zikhomo, nadziwiratu pamene padzakhala siteshoni, pamene padzakhala nyumba zosungiramo katundu, ndi pamene njanji idzapatukira kunka kumadzi. Lero doko lija limakhala zii masiku ambiri, koma anthu sanaleke kuchuluka chifukwa chakuti sitima zachepa: msewu, nsomba, thonje ndi uchembere zadzaza midzi kuposa momwe njanji inaidzazira.

Ziwerengero zikuchitira umboni. Pa kalembera wa 1966 dziko lonse la Malawi linali ndi anthu 4 miliyoni ndi owerengeka pamwamba. Pa kalembera wa 2018 tinapitirira 17 miliyoni ndi theka. Boma la Salima lokha, limene mu 2008 linali ndi anthu pafupifupi 340,000, linapezeka mu 2018 lili ndi oposa 478,000, ndiye kuti m'zaka khumi zokha linaonjezera anthu okwanira kudzaza mzinda. Ndipo pamene maphunziro a pulayimale anakhala aulere mu 1994, ana olembedwa m'kaundula analumpha kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika poposa 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Ana aja lero ndi makolo, ndipo popeza iwo analawako kukoma kwa sukulu, safuna kuti ana awo athere pa Sitandade 8. Walira mvula walira matope. Tinalira sukulu za pulayimale, tinazilandira, ndipo matope ake ndi khamu ili limene laima pa khomo la Fomu 1.

Tsono khomolo linamangidwa lopapatiza kuyambira pachiyambi. Sekondale yoyamba m'dziko muno inatsegulidwa ku Blantyre mu 1940, ya Akatolika ku Zomba mu 1942, ya boma ku Dedza mu 1951 ndi ya ku Mzuzu mu 1959; zonsezi zinali za ana osankhika ochepa, ogonera konko, ndipo zinapatsidwa malo otakasuka, mabwalo a masewera, nyumba za aphunzitsi ndi mitengo yobzalidwa m'mizere. Koma sukulu zimene ana ambiri a ku Malawi akuphunziramo lero sizinabadwe motero. Zinachokera ku maphunziro a m'makalata amene anayamba mu 1965, nizisanduka malo a MCDE, ndipo mu 1998 boma linazitcha ma CDSS, sukulu zoyendera za m'madera. Zambiri mwa izo zinayamba m'chipinda chobwereka ku pulayimale, m'tchalitchi, kapena m'nyumba yakale imene mwini wake anaisiya. Palibe anaziyeza, palibe anazilembera pulani, zinangomera ngati mapapaya a kudzala. Khasu lobwereka silikhalira kuthyoka, ndipo sukulu yomera pa malo obwereka imafika msanga pamene singathenso kutambasula mwendo. Boma litachotsa ndalama ya tuwishoni ku sekondale mu 2018, ndi kulengezanso mu 2025 kuti kuyambira Januwale 2026 sekondale ikhale yaulere, khamu lija likhoza kungokula.

Pa Chipoka pali sekondale ya boma yogonera konko, imene dzina lake limamveka m'chigawo chapakati chonse, ndipo ana amabwerako posankhidwa monga mwa mayeso a Sitandade 8, ena kuchokera kutali ndithu. Ichi n'chabwino, pakuti mwana wa kugombe amaphunzira zambiri pogona chipinda chimodzi ndi mwana wa kumapiri. Komatu chitanthauzanso kuti mwana wa msodzi wokhala kuseri kwa mpanda akhoza kumva belu la sukuluyo m'mawa uliwonse wa moyo wake osalowamo. Iye chiyembekezo chake chili pa sukulu zoyendera, kapena pa makalasi a masana amene timawatcha open, pamene ana a m'mawa akaweruka ena amalowa m'zipinda zomwezo zikadali zofunda. Chotero kukuza maphunziro a sekondale pa Chipoka si nkhani ya mpanda umodzi wokha; koma kaya tikuza sukulu imene ilipo kaya timanga yatsopano, mwambo wa kamangidwe ndi umodzi, ndipo ndi umene taunyalanyaza kwambiri.

Ndinaphunzitsapo zaka zingapo pa sukulu ina ya m'mbali mwa nyanja yomweyi, imene sindiitchula dzina popeza cholakwa chake n'cha ife tonse. Mdadada woyamba anamanga makolo, pamene panali pafupi ndi dothi loumbira njerwa. Wachiwiri unabwera ndi phungu chaka cha chisankho, ndipo anauimika moyang'ana msewu kuti odutsa pagalimoto aziuona, ngakhale kuti dzuwa la masana linkalowa m'mazenera mpaka pa bolodi. Wachitatu unali mphatso ya bungwe lina lachifundo, ndipo popeza malo osalala amene anatsala anali bwalo la mpira, tinaupereka pakati pa bwalolo tikuomba m'manja. Zimbudzi tinakumba kumene kunali kofewa, kumene kunalinso kochokera mphepo, kotero kuti miyezi ya mwera Fomu 2 inkaphunzira itatseka mphuno. Tsiku limene kunamveka kuti kwapezeka ndalama za labotale, tinayenda ndi mmisiri uku ndi uku osapeza poika, pakuti kumbuyo kunali chigayo, kumbali kunali manda, ndipo kutsogolo anthu anali atamanga kale magolosale kufikira pa khomo penipeni. Labotaleyo inapita ku sukulu ina. Palibe mwa opatsa aja amene anali ndi mtima woipa, ndipo mdadada uliwonse pawokha unali wolimba. Chimene chinasowa ndi munthu mmodzi woima pa chulu tsiku loyamba, naona sukulu yonse isanakhalepo. Nehemiya uja wa m'Baibulo, asanaitane anthu kuti agwire ntchito, anayamba wazungulira linga lonse usiku ali chete, naona pogumuka ndi potsala. Ife timayamba ndi phwando loyala mwala wa maziko, kuzungulira kumabwera pambuyo.

Choyamba tsono ndi malo, ndipo pano ndichedwapo, chifukwa china chilichonse chikalakwika chikhoza kukonzedwa ndi ndalama, koma malo akapita apita. Madzi akatayika saoleka. Nthaka ya kugombe la Salima yakwera mtengo m'masiku athu ano, pakuti anthu a m'mizinda akugula kuti amange nyumba zopumuliramo ndi malo ogona alendo, ndipo mabanja amene agulitsa kugombe amakwera kumtunda, kumene sukulu zili. Sukulu zambiri m'dziko muno zinapatsidwa malo ndi pakamwa pokha: mfumu inaloza ndi ndodo kuti kuyambira pa mlambe uwo kufikira pa chulu icho, anthu navomera, koma mlambe umagwa, chulu amaumbira njerwa, mfumu imagona, ndipo mdzukulu wa mwini munda amabwera ndi khasu nati agogo sanapereke mpaka apa. Lamulo la malo a makolo la 2016 linatsegula njira yolembetsera malo otere kudzera m'makomiti a m'midzi, ndipo komiti ya sukulu imene sinatengebe oyeza malo kuti akhome zikhomo za simenti ndi kulemba chikalata ikusewera ndi chuma cha ana osabadwa. Zikhomo zokha sizikwanira, popeza zimazulidwa usiku. Malire enieni ndi mzere wa mitengo, nimu kapena kesha kapena mbawa, umene aliyense amauona ndipo suchoka popanda mlandu.

Kukula kwa malowo kuyesedwe ndi ana a zaka 30 zikubwerazo, osati a chaka chino. Kuwerenga kwake n'kosavuta. Sukulu ya kalasi imodzi pa fomu iliyonse ili ndi zipinda zinayi, ndipo tikaika ana 50 m'chipinda ndiye ana 200; ya makalasi awiri pa fomu ndi ana 400; ya makalasi anayi ndi zipinda 16 ndi ana 800. Pulani ilembedwe ya ana 800 kuyambira tsiku loyamba, ngakhale m'thumba muli ndalama za zipinda ziwiri zokha, ndipo pa pepalalo pakhale poonekeratu pa mdadada uliwonse umene udzabwere, pa labotale, pa holo, pa khitchini, pa zogona za atsikana ndi za anyamata, pa nyumba za aphunzitsi, pa munda wa sukulu, ndi pa bwalo limene munthu aliyense, angakhale nduna, sadzaloledwa kumangapo. Pepalalo likhale kwa mphunzitsi wamkulu, lina kwa mfumu, lina ku khonsolo, kuti wopatsa akadzafika ndi mphatso yake tidzamulandire ndi ulemu wonse, ndi kumutengera pa chikhomo chimene chakhala chikumudikira.

Wolemba pulaniyo asailembere mu ofesi ku Lilongwe ngati kuti nthaka yonse ya Malawi ndi tebulo limodzi. Abwere adzayende ndi nkhalamba za pamalopo, pakuti safunsa anadya phula, ndipo adzamuuza kumene madzi amayenda mvula ikagwa ku mapiri a Dedza ndi mitsinje ngati Lifidzi ikadzaza, kumene kuli makande amene amang'ambika m'chilimwe nafufuma m'dzinja mpaka kuthyola khoma, ndi pamene nyanja inafika mu 1980. Achinyamata ankayesa nthano zimenezo, kufikira mu 2024 pamene nyanja inakweranso nilowa m'nyumba zambiri za m'mbali mwa gombe ku Salima, ku Nkhotakota ndi ku Mangochi. Tinaphunzira tili ana za munthu wopusa amene anamanga pa mchenga. Koma ife a kugombe thanthwe tilibe, mchenga ndiye cholowa chathu, ndipo nzeru yathu iyenera kukhala yodziwa kumanga pa iwo: maziko otambalala ndi akuya, pansi pa chipinda pokwezeka kuposa bwalo, ngalande zotulutsa madzi zokumbidwa pamodzi ndi maziko, osati chaka chimene madzi alowa kale m'kalasi.

Dzuwa ndi mphepo nazo zili ndi mawu pa mlanduwu. Pa Chipoka nyanja ili kum'mawa, ndipo mtima wa munthu umafuna kuti mazenera ayang'ane kumadzi. Koma mdadada wotero umamwa dzuwa lonse la m'mawa mbali ina ndi lonse la madzulo mbali inayo, ndipo m'mwezi wa Okutobala, pamene malata amalira ndi kutentha, chipindacho chimasanduka ng'anjo momwe mwana sangasiyanitse samu ndi tulo. Mdadada ugone kuchokera kum'mawa kunka kumadzulo, kuti makoma aatali okhala ndi mazenera ayang'ane kumpoto ndi kumwera, dzuwa likagunde makoma aafupi opanda zenera. Denga likhale lalitali ndi lotulukira kunja ngati chipewa, khonde likhale lotakasuka, mazenera akhale mbali zonse ziwiri kuti mphepo ipyole, ndipo pamwamba pa khoma pasiyidwe mipata yotulukira mpweya wotentha. Siling'i si chokongoletsa ayi: imaletsa kutentha, ndiponso imachepetsa phokoso la mvula pa malata, limene m'dzinja limatha kudya phunziro lathunthu mphunzitsi akungotsegula pakamwa ngati nsomba. Mwera, umene umaomba kuchokera kumwera chakum'mawa m'miyezi yozizira, umanyamula mchenga, utsi ndi fungo, chotero khitchini ndi zimbudzi zisaime pa njira yake yopita ku makalasi. Ndipo mkuntho wa mvula zoyamba, umene chaka ndi chaka timamva kuti wasasula sukulu kwinakwake, umagonjetsa denga limene linangokhomedwa pamwamba pa khoma. Denga lotsetsereka mbali zonse zinayi, lomangiriridwa ndi zitsulo zolowa m'khoma, limaupirira. Za chiswe sindinenapo zambiri, aliyense amachidziwa: mitanda yachitsulo ndi yodula tsiku logula lokha.

Pali chinanso chimene ambiri aiwala. Pa 10 Malichi 1989 chivomezi chinagwedeza boma la Salima, anthu asanu ndi anayi anafa ndipo pafupifupi 50,000 anasowa pogona. Mu Disembala 2009 zivomezi zinagwetsa nyumba ndi sukulu ku Karonga. Nyanja yathu yokongolayi igona m'chigwa chimene nthaka inang'ambika, ndipo sinaleke kusuntha. Munthu womanga chipinda chosonkhanamo ana 50 m'chigwa chotere alibe ufulu wosiya lamba wa konkire ndi zitsulo wozungulira nyumba yonse pamwamba pa mazenera, uja amisiri amati ring beam, ngakhale kontilakitala atanong'oneza kuti simenti yake ikhoza kumanga chipinda china. Za nyumba zosanjikizana, zimene ena amazikhumbira poona za m'mizinda, ine ndinena kuti pa Chipoka nthawi yake sinakwane: n'zodula, zimafuna amisiri odziwa ndi oyang'anira osagona, ndipo n'zofunika pokhapo pamene malo atha. Tikasunga malo lero sitidzakakamizidwa kukwera kumwamba mawa.

Kale mudzi ukafuna sukulu unkaumba njerwa, nutema nkhuni, nuotcha uvuni, ndipo imeneyo inali mbali yake pa chitukuko. Kuyambira 2018 malamulo aletsa njerwa zootcha ndi nkhuni pa zomanga za boma ndi za mabungwe, ndipo munthu amene waona momwe mapiri a ku Thuma ndi m'mphepete mwa Dedza anametedwera sangatsutse. Komabe ndaona kuti m'midzi ina lamuloli lasiya anthu manja lendee, akuyesa kuti popeza mabuloko a simenti amabwera pa lole, sukuluyo ndi ya boma ndi kontilakitala. Sikuyenera kutero. Mchenga ulipo woti atute, miyala yoti aswe, madzi oti atunge, ndipo njerwa za dothi losakaniza ndi simenti pang'ono, zopanikizidwa pa makina a manja, anyamata a pamudzi akhoza kuphunzira kuumba, luso n'kutsala nawo. Mutu umodzi susenza denga. Ndiponso anthu amene anatuta mchenga wa sukulu sauona mwakachetechete wina akuzula chitseko chake.

Tsopano ndifike pa ndondomeko ya zomanga, pamene ndisiyana maganizo ndi anzanga ambiri. Ndalama zikapezeka, pakamwa pa aliyense pamatuluka mawu amodzi, mdadada, chifukwa mdadada umaoneka, umajambulika, ndipo pali khoma lokhomapo dzina. Ine ndinena kuti madzi ndi zimbudzi ziyambe. Kolera amene anabuka mu Malichi 2022 anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, maboma a m'mbali mwa nyanja ali m'gulu la ovutika kwambiri, ndipo mu Januwale 2023 boma linachedwetsa kutsegulira sukulu ku Lilongwe ndi ku Blantyre chifukwa cha mliriwo. Kuonjezera ana 200 pa mjigo umodzi ndi zimbudzi zomwe zija ndiko kuitana mliri ndi kalata. Ndipo chimbudzi cha pamchenga chili ndi mwambo wake: dzenje losamangira limagumuka mvula yoyamba, ndipo popeza madzi a pansi ali pafupi, liyenera kukhala lomangira njerwa kuyambira pansi, lokwezeka, lotha kupopedwa likadzaza, ndi lotalikirana ndi mjigo mamita osachepera 30, kumunsi kwake osati kumtunda. Kumbali ya atsikana kukhale chipinda chosinthira chokhala ndi madzi ndi chitseko chotsekeka, pakuti mtsikana amene asowa potere amajomba masiku angapo mwezi uliwonse, ndipo sadzauza mphunzitsi chifukwa chake. N'chamanyazi kuti sukulu yoona nyanja ndi maso ikhale yotuma ana kukatunga ndi ndowa, kumene kuli likodzo ndi ng'ona, pamene pampu yoyendera dzuwa ndi thanki pa nsanja zikhoza kuthetsa nkhaniyo.

Chachiwiri ndi pogona pa atsikana. Mwana wamkazi wosankhidwira ku sukulu yoyendera imene ili kutali ndi kwawo ali ndi njira ziwiri: kuyenda mtunda umenewo m'bandakucha ndi madzulo, kapena kuchita lendi kachipinda pafupi ndi sukulu n'kumadziphikira, zija amati self-boarding. Pa doko la nsomba, pamene mnyamata wa zaka 18 akhoza kutsika m'bwato m'mawa ali ndi ndalama zoposa za mphunzitsi wa sabata yonse, mtsikana wokhala yekha m'kachipinda kopanda loko, ufa utatha pakati pa mwezi, ali ngati nkhuku yogona pa msewu wa afisi. Boma linalola kuyambira 1993 kuti mtsikana amene anatenga mimba abwerere ku sukulu akachira, ndipo amayi a m'magulu a pasukulu agwira ntchito yotamandika kubweza ambiri. Koma kubweza n'kovuta kuposa kusunga. Hositelo yokhala ndi mpanda, nyali, madzi ndi nyumba ya matironi pa khomo pake ikhoza kupulumutsa ana ambiri kuposa midadada iwiri. Anyamata nawo nyanja imawaitana, makamaka usiku wa mdima pamene usipa ukugwidwa. Mankhwala awo ndi bwalo la mpira labwino, chipinda chowerengera chokhala ndi magetsi usiku, ndi mphunzitsi wokhala pafupi amene adziwa kuti uje sanagone kwawo.

Ndiye chifukwa chake nyumba za aphunzitsi ndiziika patsogolo pa holo ndi ofesi yokongola. Mphunzitsi wa sayansi amene wamaliza ku Domasi kapena ku Nalikule, akafika napeza kuti pogona ndi kachipinda ka kuseri kwa golosale, amayamba tsiku lomwelo kulemba kalata yopempha kusamuka. Ndipo labotale yopanda mphunzitsi ndi nkhokwe ya akangaude. Labotaleyo payokha ikhale ndi madzi, magetsi ndi kachipinda kotsekeka ka mankhwala, apo ayi ndi kalasi wamba yokhala ndi matebulo aatali. Magetsi sayenera kukhala chodabwitsa m'boma limene kuyambira 2021 lili ndi munda wa magetsi a dzuwa wa mamegawati 60 ku Nanjoka. Holo ikadzabwera ikhale imodzi yogwira ntchito zonse, kudyeramo, kulemberamo mayeso a MANEB ndi kusonkhanamo makolo. Makomo onse akhale ndi potsetsereka poyenda njinga ya mwana wolumala. Ndipo m'dera ngati lino, mmene Asilamu ndi Akhristu akhala moyandikana kuyambira kale, wolemba pulani asaiwale kuti ena amapemphera Lachisanu, ena Loweruka, ena Lamulungu.

Wina adzati, zonsezi n'zokoma, nanga ndalama zili kuti? Funsolo n'lolungama. Abwenzi akunja athandizapo: a ku Japan anakuza ma CDSS angapo, mwa iwo ya Matenje m'boma lomwe lino, Banki Yaikulu ya Dziko Lonse inapereka madola 90 miliyoni mu 2019 ku ntchito ya EQUALS yokweza masamu ndi sayansi, a ku America nawo analonjeza madola 90 miliyoni ku ntchito ya SEED, imene inafuna kumanga ndi kukuza sukulu zofika 250. Koma mu 2025 tinaona bungwe la ku America la USAID likutsekedwa ndi eni ake, ndipo tinakumbutsidwa kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno. Ndalama zidzapitiriza kubwera monga zimabwerera, pang'ono ku thumba la CDF, pang'ono ku khonsolo, pang'ono kwa ana a sukuluyo amene ali pa ntchito ku Lilongwe ndi ku Johannesburg. Ndipo ndi chifukwa chomwecho pulani ifunika, pakuti wolemera akalakwitsa amagumula namanganso, koma wosauka amakhala ndi cholakwa chake zaka 50. Kuyeza malo ndi kulemba pulani sikufika mtengo wa chipinda chimodzi. Ndionjezenso kuti kukula kuli ndi polekezera: sukulu ikapitirira ana amene mphunzitsi wamkulu angawadziwe nkhope, mwambo umayamba kutha, ndipo pamenepo n'kwabwino kupempha malo ena cha ku Ngodzi kapena ku Lifidzi, kuti sukulu iyandikire mwana m'malo moti mwana azithamangira sukulu.

Chotero pempho langa lipite kwa a Mfumu Ndindi ndi mafumu awo, kwa a khonsolo ya Salima, kwa aphunzitsi aakulu ndi makomiti a makolo a sukulu zonse zozungulira Chipoka, ndi kwa inu amene munaphunzira kumeneko ndipo mukuwerenga muli kutali. Mvula ya chaka chino isanagwe, sankhani tsiku limodzi, itanani oyeza malo ndi eni minda yoyandikana, yendani malire onse pamodzi dzuwa likuwala, khomani zikhomo, ndipo lembani mayina a mboni. Mbande za m'malire zibzalidwe mu Disembala, nthaka ikadali yonyowa, ndipo kalasi iliyonse ipatsidwe mzere wake woti izithirira.